Mwana wa Mildred Asapite ku Nsabwe

Ku Joni,
Lamulungu, 12 Januwale.

Okondedwa achimwene a Fabiano,

Landirani moni wochokera kutali kuno. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Queen ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, Mulungu akusunga. Mtima wokha ndiwo suli bwino, ndipo sindikubisirani, ndakwiya. Ndakwiyira inuyo.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata ngati kale pomwe mafoni alipo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Lachisanu nditakuimbirani munayankha mawu atatu, kenako munati netiweki ikuvuta, n'kudula. Kodi netiweki ya pa esiteti ya tiyipo imavuta ndikangotchula dzina la Mildred? Ndiye ndalemba papepala kuti ndione ngati nalonso mulidule. Ndalipereka kwa a Jonas, aja amabweretsa katundu wa anthu pa basi, ndipo andilonjeza kuti pofika Lachitatu likhala m'manja mwanu. Muwerenge mpaka kumapeto, mukatero muwawerengerenso amayi mokweza osadumpha mzere.

Za kuno n'zochepa. Kukutentha koopsa, ndipo madzi m'dera lathu akumatuluka m'mawa mokha. Magambutsi munapempha aja ndagula, ali m'chikwama chomwe chili ndi kalatayi, pamodzi ndi matewera ndi kabulangete ka mwana. Vuto lalikulu ndi pepala langa logwirira ntchito. Ndinakapereka kuti alikonzenso, ndipo mpaka litatuluka sindingachoke m'dziko muno, apo ayi sadzandilola kulowanso. Pakadapanda zimenezo, bwenzi pa basiyo patakwera ine mwiniwake, osati pepala.

Musavutike kufufuza kuti wandiuza ndani. Ndi a Mathew, amuna ake a Mildred. Anandiimbira ali kuseri kwa fakitale pa nthawi yopuma, akulankhula motsitsa mawu ngati aba kanthu. Iwo ndi mkamwini, akudziwa kuti pa mbumba yathu mawu awo sapita patali, n'chifukwa chake anathawira kwa ine. Musawakalipire.

Ndilembe zimene ndamva, kuti ngati pali bodza mundiuze. Mildred, chitsirizira chathu, anachira tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, mwana wamwamuna, mwa opaleshoni. Anataya magazi ambiri ndipo masiku atatu sankadziwa komwe ali, mwana ali m'manja mwa amayi. Atatsitsimuka n'kumupatsa mwanayo, akuti anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti sakumva ngati ndi wake. Atatuluka m'chipatala anayamba kumangolira, chakudya osadya, ndipo mwana akalira iye amatembenukira kukhoma.

Ndamvanso kuti inu mutaona choncho munasamutsira mwanayo kunyumba kwanu, khomo lachitatu pa laini yomweyo ya nyumba za antchito. Akuti amabwera naye kwa amake pa nthawi yoyamwa yokha, ndipo akabwera naye azimayi anayi a pa lainipo amakhala atamuzungulira Mildred, wina akumukonza mkono, wina akumufinya bere, wina akumukumbutsa kuti anzake akulirira ana osawapeza. Mwana akangosiya bere amamulanda n'kubwerera naye. Tsopano mukudabwa kuti mkaka ukuchepa.

Chimene chandiwawa koposa ndi chomwe munagwirizana amayi aakulu atabwera kuchokera ku Nsabwe. Akuti Loweruka likubwerali mwana apita nawo kumudzi kuti akaleredwe ndi mkaka wa m'chitini, ndipo Mildred bala likangopola abwerere kukatchola tiyi, poti ndi mvulayi tiyi waphukira kwambiri ndipo ntchito imachotsa maganizo. Amayi aakulu akuti ndi mizimu. Amayi akuti ndi kuuma mtima. Inu akuti munangovomera ndi mutu, n'kuwonjezera kuti dzina lake mulisunga m'buku la gulu la otchola lomwe mumayang'anira kuti malo asapite.

Achimwene, ukapitawo wakulowani mpaka m'nyumba? Mlongo wanu ali ndi bala pamimba, sakugona, sakudya, inu mukuona dengu lopanda mwini. Ndinu mwinimbumba. Pa anthu onse amene anakhala pansi tsiku limenelo, ndinu nokha amene mukadanena kuti ayi nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndikudziwa kuti kumeneko ntchito yangayi mumaiseka. Ndinamva kuti pa maliro a malume munauza anthu kuti mlongo wanu anadutsa malire atatu kukaweta makoswe pomwe kudenga kwathu alipo aulere. Anthu anaseka, nanenso nditamva ndinaseka. Lero musaseke, chifukwa zimene ndikufuna kukuuzani ndaziona kwa makoswe omwewo.

Pa yunivesite pomwe ndimagwira ntchito pali chipinda cha makoswe oweta, oyera, a maso ofiira. Ine si dokotala ndipo sindidzinamiza. Ntchito yanga ndi kusintha utuchi m'timakola tawo, kuwapatsa chakudya ndi madzi, ndi kulemba tsiku limene wina watenga bere ndi limene waswa. Koma ndatha zaka zisanu ndi chimodzi m'chipinda chimenecho, ndipo abwana anga, mayi wina wachikulire amene amafufuza chomwe chimachititsa khoswe kusamala ana ake, satopa ndi mafunso anga.

Khoswe wamsoti, amene sanaswepo, safuna kuona tiana. Mukamuikira kakhanda m'khola mwake amathawira pakona, kapena amakakwirira ndi utuchi, ndipo ena amakaluma kumene. Fungo lake limamunyansa. Khoswe yemweyo akatenga bere, lomwe limatha masabata atatu okha, masiku otsiriza amasinthiratu. Amayamba kukokera timapepala pakona kumanga chisa. Akaswa amanyambita kamwana kalikonse, amatifungatira kuti tiyamwe, ndipo kena kakakwawira kutali amakatola ndi pakamwa n'kukabweza. Mukalowetsa dzanja mwachisawawa mulira.

Sikuti wapita kwa anankungwi kukalangizidwa ayi. Chimamusintha ndi timadzi ta m'thupi toyenda m'magazi, tomwe amati mahomoni. Ena amakhala ochuluka nthawi yonse ya bere n'kutsika mwadzidzidzi kuswa kukayandikira, pomwe ena amakwera nthawi yomweyo. Kusinthana kumeneko n'kumene kumafika m'mutu mwa khoswe, fungo lomwe linkamunyansa lija n'kuyamba kumukoka. Ndaona ndi maso angawa abwana akubaya msoti mahomoni amenewa motsatira dongosolo lake, patapita masiku msoti uja n'kumatola ana a mnzake ngati ake. Ndiye mukamati kuuma mtima, dziwani kuti zina zimayambira m'magazi, mwiniwake osasankha.

Apa pokha werengani kawiri. Mahomoni amangotsegula chitseko, koma sachigwira mpaka kalekale. Chimene chimachigwira ndi tiana tomweto, kutinunkhiza, kutinyambita, kutimva tikuyamwa. Alipo makoswe omwe amawachita opaleshoni kuti atulutse ana, monga anachitira ndi Mildred. Tiana tikachotsedwa pomwepo mayi asanatigwire n'komwe, n'kudzamubweretsera tiana patatha masiku khumi, amatiyang'ana ngati alendo. Koma amene anapatsidwa mpata wokhala nato, ngakhale kwa kanthawi kochepa, saiwala.

Ndipo ngakhale woiwala uja sitimutaya. Timamusiya ndi tiana m'khola limodzi tsiku ndi tsiku, tikumatisinthasintha kuti tikayamwe kwa mayi wina tisafe ndi njala. Tsiku loyamba amathawa. Lachiwiri amathawanso. Koma pomatha sabata ambiri amakhala atayamba kutitola ndi kutinyambita. Ngakhale msoti amene sanabayidwe kanthu amatero akakhalitsa nato. Mankhwala ake ndi kukhala pafupi, popanda womusokoneza.

Zosokonezazi ndinaziphunzira ndi manyazi. Nditangoyamba ntchito ndinapeza khoswe wina waswa m'mawa womwewo, khola lili magazi okhaokha. Pofuna kuoneka wakhama ndinamutulutsa, n'kusintha utuchi wonse, n'kuika tiana bwinobwino pamzere, ndipo ndinaitananso anzanga awiri kuti adzaone kukongola kwake. Pobwera mawa lake ndinapeza wamwaza tiana tonse, tiwiri titazizira kale. Abwana sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndachotsa fungo lomwe mayiyo ankadziwira chisa chake, ndipo ndamuopseza ndi maso ambiri. Kuyambira tsiku limenelo khola la khoswe woswa kumene ndimalidutsa monyang'ama. Azimayi anayi aja akuchita kwa Mildred zomwe ndinachita ine, ndipo nawonso akuganiza kuti akuthandiza.

Ndikumva kale amayi akunena kuti Thandizo wapenga, wayamba kuyerekeza mng'ono wake ndi khoswe. Muwauze kuti ndikudziwa, munthu si khoswe. Munthu ali ndi maganizo, ali ndi manyazi, amamva zimene akumunena kuseri kwa chitseko, ndipo n'chifukwa chake kwa iye zimawawa koposa. Dzulo ndinawafotokozera abwana anga nkhani yonse. Anandiuza poyera kuti iwo si dokotala wa anthu ndipo zonse za makoswe sizingafanane ndi za munthu. Koma anati matenda a maganizo ogwira mayi akangochira alipo, azachipatala amawadziwa, amagwira kawirikawiri amene avutika pobereka, ndipo amachizika. Anatinso sanamvepo kuti mankhwala ake ndi kumulanda mwana n'kumupititsa mudzi wina.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Mwana asapite ku Nsabwe Loweruka. Mubwezereni m'nyumba mwa amake lero lomwe mwawerenga kalatayi.

Ndikudziwa mantha anu, mukuopa kuti Mildred angamuchite kanthu kapena kumusiya akulira. Sindikuti mumusiye yekha. Alamu a Queen ndi munthu wofatsa, akhale naye m'nyumbamo, iwo okha, pakamwa atatseka. Mwana agone pachifuwa pa amake khungu kwa khungu, ngakhale Mildred atayang'ana kudenga. Asamuuze kuti amwetulire. Asamufunse ngati wayamba kumukonda. Akatopa amulandire mwanayo, akapuma amubwezere. A Mathew akaweruka azilowa n'kukhala ndi mkazi wawo, musawathamangitse ngati mlendo. Ndipo Lachinayi mutengeni Mildred mupite naye kuchipatala, mukawauze anamwino zonse monga zilili, osati kungoonetsa bala n'kubwerako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene. Mupatseni masabata awiri okha.

Za tiyi musandiuze. Gulu lanu lili ndi anthu makumi anayi, ndipo pageti pamakhala ena m'mawa uliwonse ofuna kulembedwa. Masamba a mwezi uno atcholedwa, Mildred alipo kapena palibe.

Mwina mukudabwa kuti ukali wonsewu wachokera kuti. Simukuyenera kudabwa. Mlandu suwola, ndipo uwu ndaumeza zaka khumi ndi chimodzi.

Tione, mwana wanga mmodzi yekhayo, atabadwa ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo ake atathawa kale. Ndinali m'nyumba yomweyo yomwe muli Mildred, pa mphasa ya pakona yomweyo. Ndinkamuyang'ana mwanayo osamva kanthu, ngati ndagwirizira mwana wa mnzanga amene wapita kukatunga madzi. Ndinkachita mantha ndi ine mwini. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza amayi, poganiza kuti andiuza kuti zimachitika. Pasanathe masiku anayi amayi aakulu anali atafika.

Mukukumbukira amene ananyamula chikwama cha matewera mpaka pa siteji? Ndinu. Munabwerako mukuimba likhweru, n'kundiuza kuti tsopano ndipume, Lolemba ndiyambe ntchito. Tione anali ndi masabata atatu.

Lolembalo ndinapitadi kumunda. Ndinkatchola tiyi mkaka ukutuluka wokha mpaka kunyowetsa bulauzi yonse, azimayi anzanga akuchita ngati sakuona. Ndinkamanga mabere ndi chitenje kuti asiye kupweteka. Palibe anandifunsa kuti ndikumva bwanji, ndipo inu munkayamikira kuti dengu langa likulemera.

Patatha mwezi ndi theka, tili pa sikelo yoyezera tiyi masana, mwana wa mayi wina analira pansi pa mtengo m'mbali mwa munda. Dengu linandigwa. Chimene ndinkachidikira chija chinabwera nthawi imeneyo, chonse pakamodzi, mwana wanga ali kutali. Ndinkamufuna Tione ngati mpweya. Loweruka lake ndinapita ku Nsabwe osatsazika munthu.

Ndinapeza wanenepa, wasambitsidwa bwino. Nditamunyamula analira mpaka kubanika. Ndinamupatsa bere, linali litauma. Amayi aakulu anamutenga, analeka kulira pomwepo, ndipo anandiuza pamaso pa anthu kuti ndaona ndekha, mwana wandikana monga ndinamukanira. Anati wazolowera, ndisamusokoneze. Nditabwerera kudzakudandaulirani munati akuluakulu anena kale, inu simungapitirire mawu awo. Ndinakhala zaka ziwiri ndikuyenda njira ya ku Nsabwe ngati mlendo wokaona mwana wa eni, kenako ndinakwera basi ya kuno. Mpaka lero pa laini amati Thandizo anathawa mwana.

Amayi aakulu anamulera bwino Tione, zimenezo sindikana, ndipo ndidzawathokoza mpaka kufa. Koma ulendo watha uja nditabwera pa tchuthi, mtsikanayo anagwada mwaulemu, n'kundipatsa moni ngati aanti a ku Joni. Anandifunsa ngati ndamubweretsera foni. Amadziwa kuti ndinamubala ndine, anamuuza, koma amazidziwa ngati mmene amadziwira tsiku lake lobadwa. Akadwala saitana ine. Inu munali pomwepo pakhonde, munamva, ndipo munayang'ana kumbali.

Zaka zonsezi ndinkakhulupirira zomwe munandiuza, kuti ndine mkazi wolakwika, wobadwa wopanda mtima wa umayi. Tsiku limene ndinaona koyamba khoswe amene anathawa tiana masiku asanu akutola kamwana kamodzi n'kukaika m'chisa, ndinatuluka m'chipindamo n'kukakhala pansi kuseri kwa nyumba. Anzanga ankaganiza kuti ndadwala. Ine ndinkawerenga masiku. Khoswe tinamudikira sabata imodzi, ine abale anga sanandidikire.

Sindikulemba izi kuti mupepese. Kupepesa kwanu sikungamubweze Tione pa masabata atatu. Ndikulemba chifukwa Mildred wanena mawu omwe ndinanena ine, kwa anthu omwewo, m'nyumba yomweyo, ndipo mwamuyankha yankho lomwelo. Nthawi ija munali mnyamata, mukhoza kunena kuti simunkadziwa. Pano muli ndi imvi m'ndevu ndipo ndakuuzani. Mwana ameneyo akakwera galimoto Loweruka, mudzakhala mutachita mukudziwa, ndipo ine ndi inu tidzangopatsana moni pa maliro.

Mildred mumuuze kuti si woipa ndipo sanapenge. Mumuuze kuti mkulu wake zinamuchitikira, ndipo chimene akuchidikiracho chimabwera, kungoti chikamabwera mwana azikhala ali pafupi. Ngati mawu amenewa akukulemerani pakamwa, mupatseni tsamba lino awerenge yekha. Ndidzaimba pa foni ya a Mathew Loweruka masana, ndipo ndikufuna ndidzamve mwana akulira m'nyumbamo.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti ndimawakonda ngakhale kalatayi iwapweteke. Moni kwa amayi aakulu, ndipo asabwerere kumudzi ndi mkwiyo, abwerere okha basi. Moni kwa alamu a Queen, ndawasenzetsa ntchito osawapempha, andikhululukire. Moni kwa alamu a Mathew ndi kwa ana anu onse. Kakhandako mukafungatire m'malo mwanga, mukatero mukabweze kwa amake.

Moni wa Tione musapereke ndinu. Ndamulembera kalata yakeyake, ili m'thumba la m'mbali mwa chikwama, ndipo ndi yoyamba chibadwire chake. Sindikudziwa ngati adzayankha.

Tsalani bwino, Mulungu akupatseni mtima womva.

Ndine mlongo wanu,
Thandizo,
make Tione.